Kodi Mlakatuli Amalankhulira Yani?

 Takumananso m'pologalamu yathu ya ndemanga pa wailesi. Lero tikambirana za ndakatulo: malo ake pakati pathu, ntchito imene yakhala ikugwira, ndi kumene ikulowera masiku ano.

Tiyambe ndi zimene ambiri mwa inu mudazionapo ndi maso. Pabwalo la sukulu akhoma matenti, mipando ya pulasitiki yandandalikidwa, kukutsegulidwa mjigo, mlatho kapena chipinda cha amayi oyembekezera. Woyendetsa mwambo ali ndi pepala la ndondomeko m'manja: pemphero, malonje, gule wa amayi, mawu a agogo chalo, ndakatulo, kenako mlendo wolemekezeka. Mlakatuli amupatsa mphindi zisanu. Mlendo akachedwa, amamunong'oneza kuti awonjezere ina kuti anthu asabalalike. Mlendo akafika nthawi itatha kale, woyamba kufufutidwa pa pepala lija ndi mlakatuli yemweyo. Akapeza mpata amatchula dzina la bungwe limene lapereka ndalama, amatamanda mlendo, amaponyamo nthabwala ziwiri zitatu, amayi n'kululutira, bwana n'kudzuka kukamufupa. Mwambo ukatha, kuseri kwa tenti kumakhala kaenvelopu kake.

Kuti mlakatuli alandire kangachepe si mlandu, nayenso ali ndi ana ofuna kudya. Koma funso langa ndi ili: pa mphindi zisanu zija, walankhulira yani? Anthu amene apsa ndi dzuwa kuyambira m'mawa, kapena amene akhala pamthunzi wa tenti ndi botolo la madzi patsogolo? Ine ndikuona kuti ndakatulo sidamvekepo kwambiri m'dziko muno ngati mmene ikumvekera lero, komabe ili pachiwopsezo chotaya ntchito yake yeniyeni, yomwe ndi kunena pagulu zimene anthu akuvutika nazo mumtima koma akusowa ponenera. Kale chimene chinkatseka pakamwa pa mlakatuli chidali ndende. Lero ndi envelopu.

Ntchito imeneyi sidayambire m'kalasi kapena m'buku. Idayambira pamtondo. Mayi amene mwamuna wake wagulitsa fodya n'kumwera ndalama zonse sakadatha kuima pabwalo n'kumunena mwamunayo pamaso pa apongozi. Mwambo sunkalola. Koma m'mamawa akatenga munsi, mnzake ali tsidya lina la mtondo, ankayambitsa nyimbo. Munsi ukatsika mawu atuluka, wina ukakwera mnzake avomera. Dzina la munthu silinkatchulidwa, koma mudzi wonse unkadziwa nyumba imene ikunenedwa. Apongozi ankamva ali m'khitchini mwawo, mwini nkhani ankamva ali pamphasa, ndipo palibe amene akadamutengera mayiyo kubwalo la amfumu, chifukwa nyimbo siimbidwa mlandu. Madzulo ankhoswe ankakhala atadziwa kale kuti m'nyumba muja muli utsi.

Si pamtondo pokha. Nyimbo za Gule Wamkulu zimadzudzula waulesi, wakuba, wachiwerewere, ngakhale mfumu yokondera pogamula milandu. Kwa Angoni a kwa M'mbelwa, wotamanda mfumu amatchula mzere wa makolo kuchokera kwa Zwangendaba amene adawoloka Zambezi mu 1835, ndipo potchula zamphamvu za makolowo amakhala akukumbutsa wokhala pampando muyeso umene anthu adzamuyezere. Akatswiri awiri, Leroy Vail ndi Landeg White, adafufuza nkhaniyi m'maiko a kuno kummwera kwa Africa n'kutulutsa buku lotchedwa Power and the Praise Poem mu 1991. Adapeza kuti mitundu yambiri ili ndi lamulo losalembedwa lofanana: zimene sungazinene m'mawu wamba, ungathe kuziimba kapena kuzilakatula, ndipo wamkulu ayenera kumvetsera. Adalembanso za anthu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya kampani ya Sena Sugar Estates m'chigwa cha Zambezi ku Mozambique, amene kwa zaka zambiri ankaimba nyimbo yodandaula za nkhanza za mzungu wina dzina lake Paiva, akapitawo akumva. Makolo athu adaumanga bwino mwambi uja wakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utakhazikika, mwayi wotsina khutu uja udalandidwa. Nyimbo sizidathe ayi, zidachulukirachulukira. Amayi a Mbumba ankatengedwa pa malole kupita ku Kamuzu Stadium ndi kumabwalo a ndege kukavina pamaso pa Ngwazi, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo. Magule a m'midzi adavekedwa mawu atsopano otamanda mtsogoleri ndi kunyoza amene ankatchedwa zigawenga. Luso lidalipo ndithu, ndipo mawu ena a nthawi imeneyo akulirabe m'makutu mwa achikulire mpaka lero. Chimene chidasowa ndi mbali yachiwiri ya ntchito ya wotamanda, ija yokumbutsa mfumu kuti nayonso imalakwa. Mu 1968 kudabwera lamulo lokhazikitsa Censorship Board, bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo zisanafike kwa anthu.

Mkati mwa mantha amenewo, mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena a ku Chancellor College adayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Ankakumana sabata ndi sabata kuwerengerana zolemba zawo n'kumaunikirana, akudziwa bwino kuti pakati pawo pakhoza kukhala khutu la boma. Mu 1971 adatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. Mayina amene adadutsa m'gululi ndi aakulu m'mbiri ya zolembalemba kuno: Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Felix Mnthali, Anthony Nazombe, Ken Lipenga ndi ena. Poti kunena mwachindunji kudali kudziputira ngozi, adabwerera ku nzeru za pamtondo zija. Adalemba za bilimankhwe, za Kaphirintiwa, za dzenje la Chingwe pa phiri la Zomba. Chimombo adatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi monga zidachitikira ku Zomba mu 1946, n'kumanga pa iye ndakatulo zambiri. Wowerenga wochenjera ankadziwa kuti pali Napolo wina amene sakhala m'phiri.

Zining'azo sizidamuteteze aliyense mpaka kalekale. Buku la Jack Mapanje lotchedwa Of Chameleons and Gods lidasindikizidwa ku London mu 1981. Pofika 1985 lidachotsedwa m'masitolo a mabuku, m'malaibulale ndi m'masukulu a dziko lino. Pa 25 September 1987, apolisi adamugwira ku Gymkhana Club mu mzinda wa Zomba, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa koleji ija, n'kukamutsekera ku ndende ya Mikuyu. Sadamuuze mlandu, sadapite naye kukhoti. Adakhalamo zaka zitatu, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku 16, mpaka May 1991. Poti cholembera ndi pepala zidali zoletsedwa, ndakatulo zambiri ankazipeka ndi kuzisunga m'mutu, ndipo zina mwa izo zidadzatuluka mu 1993 m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Alembi a maiko ena sadakhale chete. Harold Pinter adali m'gulu la amene adakawerenga ndakatulo zake kunja kwa ofesi ya kazembe wa Malawi ku London, ndipo mphoto imene adapatsidwa ku Rotterdam mu 1988 adakamulandirira ndi Wole Soyinka wa ku Nigeria.

Mapanje sadali yekha. Felix Mnthali adalawako ukaidi wopanda mlandu m'zaka za m'ma 1970. Frank Chipasula adathawira ku Zambia, kenako ku America. David Rubadiri, kazembe woyamba wa dziko lino ku United States ndi ku United Nations, adatula pansi udindo pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964, n'kukhala kunja zaka pafupifupi makumi atatu akuphunzitsa ku Uganda, Kenya ndi Botswana. Ana a sukulu a maiko ena ankaloweza ndakatulo zake, kwawo dzina lake likutchulidwa monong'ona.

Omvera, taganizani. Boma lokhala ndi asilikali, apolisi, a Payoniya ndi a Yufi, linkaopanji kwa mphunzitsi wopanda ndi mpeni womwe? Linkadziwa kuti mawu okonzedwa bwino sawola. Zimene walankhula nduna pamsonkhano zimaiwalika anthu asanafike kunyumba, koma mzere umodzi wogwira mtima umayenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo sungaumange unyolo. Komabe tinene chilungamo: ndakatulo zimenezi zidalembedwa m'Chingerezi, ndipo amene ankaziwerenga adali ochepa. Mlimi wa ku Mchinji kapena msodzi wa ku Nkhotakota sadadziwe kuti ku Zomba kuli anthu amene akumulirira m'mafanizo.

Ndakatulo za m'Chichewa za nthawi imeneyo zidatenga njira yakeyake. E.J. Chadza ndi J.W. Gwengwe adaika maziko polemba za mwambo, ulemu, khama pa ntchito ndi kukongola kwa dziko. Wailesi ya MBC, yomwe idali yokhayo m'dziko muno, inkaulutsa zolemba za anthu wamba m'mapologalamu monga Nzeru N'kupangwa. Zidasula chilankhulo, zidaphunzitsa ana kukoma kwa miyambi ndi mikuluwiko, koma za ndale zinkazilambalala, poti chimene chanenedwa m'Chichewa aliyense amachimva, kuphatikizapo tcheyamani wa chipani. Alakatuli a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga ndiye adalibiretu bwalo, pakuti kuchokera mu 1968 wailesi idatsala ndi Chichewa ndi Chingerezi basi.

Zinthu zidatembenuka ndi kalata ya maepiskopi a Chikatolika ya pa 8 March 1992, riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha 1994. Malamulo atsopano oyendetsera dziko adapereka ufulu wolankhula zakukhosi. Apa ndi pamene ndakatulo ya m'chilankhulo chathu idatuluka m'buku n'kukwera pa nsanja. Benedicto Wokomaatani Malunga, mlembi wa Kuimba kwa Mlakatuli ndi Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti, adaonetsa kuti munthu wophunzira mpaka kukhala mkulu wa kaundula pa yunivesite angathe kulakatula m'Chichewa chozama, holo n'kudzaza. Gospel Kazako, amene pambuyo pake adakhazikitsa wailesi ya Zodiak mu 2005, anthu ambiri adayamba kumudziwa ndi liwu lake pa wailesi ndi ndakatulo zake. Makaseti a ndakatulo adayamba kugulitsidwa pambali pa makaseti a nyimbo. Mawailesi atachuluka, pafupifupi iliyonse idapatula nthawi ya alakatuli, ndipo bungwe la Poetry Association of Malawi lidayamba kusonkhanitsa anthu pa Chitsinda cha Ndakatulo.

Kenako kudabwera foni ya m'manja. Lero mnyamata wa ku Ndirande kapena kwa Chinsapo amajambula ndakatulo mu situdiyo ya chipinda chimodzi, pansi pake n'kuikapo kagitala kolira pang'onopang'ono, madzulo n'kuiponya pa WhatsApp. Pofika mawa ili m'minibasi ya ku Mangochi, ili m'malo ometera tsitsi ku Mzuzu, yafika kwa Amalawi ogwira ntchito ku Johannesburg ndi Cape Town. Mayina monga Robert Chiwamba, Sylvester Kalizang'oma, Hudson Chamasowa, Joseph Madzedze, Raphael Sitima ndi Nyamalikiti Nthiwatiwa akudziwika kwa anthu amene sadagulepo buku la ndakatulo chibadwire. Mitu ya ndakatulo zina za Chiwamba, monga ija yodandaula za timu yathu ya Flames, idasanduka mawu oseleulana nawo pamsika. Chimene a Writers Group ankachilakalaka, choti mawu awo afike kwa munthu wamba, a lero achipeza.

Kumbali ya Chingerezi nakonso kwaphuka mphukira. Q Malewezi adathandiza kukhazikitsa mabwalo a achinyamata olakatula mu Lilongwe, monga Living Room Poetry Club. Ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, ndipo anthu a m'mizinda amapita kukasangalala pamalo pamene kale ankangopamva ngati pa mavuto pokhapokha. Upile Chisala, amene adakulira ku Zomba, adayamba ndi kufalitsa ndakatulo zake zifupizifupi pa intaneti, lero mabuku ake akugulitsidwa ku America ndi ku Ulaya. Iyeyu akutikumbutsa kanthu kena kowawa: luso limeneli adalisunga ndi amayi pamtondo, koma litafika pa nsanja ndi pa wailesi, amuna ndi amene adadzaza ndondomeko. Mpaka lero mukawerenga mayina pa chikalata choitanira anthu ku chitsinda, aakazi mumawawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Tsono ngati zinthu zafika pokoma chonchi, vuto lili pati? Lili m'thumba. Ndakatulo ikumveka paliponse, koma mwini wake sakudyerapo. Masitolo a mabuku adatsala owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo amadalira mabuku a sukulu. Osindikiza amafuna buku limene lili pa silabasi, chifukwa ndi lokhalo lotsimikizika kuti ligulidwa. Makaseti ndi ma CD adapita. Pamsika uliwonse pali mnyamata wa kompyuta amene amadzaza memori kadi ndi zimbale zathunthu pa mtengo wa botolo la zakumwa, mlakatuli osaonapo ndi tambala yomwe. Bungwe la COSOMA lilipo kuchokera mu 1992 kuti lizitolera ndalama za eni luso, ndipo lamulo la umwini wa luso lidakonzedwanso mu 2016, koma alakatuli ambiri sadalembetse n'komwe, ndipo amene adalembetsa sangakuuzeni kuti amalipira lendi ndi ndalama zimenezo. Ifenso omvera tili ndi mbali yathu: timafa ndi phwete, timatumizira anzathu, koma tikamva kuti pakhomo pali cholowa timayamba kufunsa ngati palibe wotilowetsa ulere.

Zikatere mlakatuli amatsala ndi msika umodzi, wa ganyu. Bungwe lomwe si la boma likufuna ndakatulo ya ukhondo. Banki ikufuna ya kusunga ndalama. Kampani ya mafoni ikufuna ya mtengo watsopano wa bandulo. Unduna ukufuna ya tsiku lokumbukira chakutichakuti. Sindikunyoza ntchito zonsezi. Pa nkhondo yolimbana ndi Edzi, alakatuli ndi oimba adatchula zinthu zimene abusa ndi makolo ankachita nazo manyazi. Pa nthawi ya Covid-19 ndi ya kolera wa 2022 ndi 2023, uthenga wolakatulidwa unkalowa m'makutu mosavuta kuposa chikalata chokhomedwa pa chipatala. Nkhani ya maukwati a ana idafika m'midzi yambiri kudzera m'ndakatulo za ana a sukulu. Zimenezi n'zabwino, ndipo zipitirire.

Koma ganyu ali ndi malamulo ake. Wolemba ganyu ndi amene amaloza pamene khasu ligwere. Mlakatuli amapatsidwa pepala la mfundo zisanu, amauzidwa mawu oyenera kutchulidwa ndi oyenera kupewedwa, ndipo asanakwere pa nsanja wina mu ofesi amayamba waiona ndakatuloyo n'kudula zimene zingakhumudwitse alendo. Palibe wapolisi, palibe Censorship Board, koma lumo likudula chimodzimodzi. Adzalakatula kuti tizisamba m'manja, koma sadzafunsa chifukwa chake mpopi wa m'dera limenelo wakhala wouma miyezi itatu, pakuti amene ayenera kuyankha funsolo ndi amene wakhala kutsogoloyo. Adzadzudzula mlimi wogulitsa makuponi, koma za amene adadya ndalama za feteleza adzangodutsa. Pang'ono ndi pang'ono chala cha ndakatulo chimazolowera kuloza pansi, kwa osauka, kuwaphunzitsa makhalidwe, osalozanso kumwamba. Choopsa kwambiri n'chakuti mlakatuli amafika podzidula yekha asanauzidwe, poopa kuti akalasa pamenepa sadzaitanidwanso.

Nyengo ya kampeni ndiye imavula zonse poyera. Chipani chilichonse chimakhala ndi alakatuli ake ovala makaka, otamanda mtsogoleri wawo ngati mpulumutsi ndi kunyoza wa mbali inayo, nthawi zina mpaka kutukwana mtundu wake ndi chigawo chimene akuchokera. Chisankho chikapita kwina, ena mwa iwo amangosintha dzina m'ndime yoyamba, ndakatulo ili yomweyo. Mlakatuli ali ndi ufulu wokonda chipani, monga nzika ina iliyonse. Koma anthu akazindikira kuti mawu ako ali ndi mtengo, tsiku limene udzanene zoona adzafunsana kuti, kodi lero wamulipira ndani? Mayi wa pamtondo uja ankamvedwa chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti palibe wamutuma, akuimba za pamtima pake.

Pali chiwopsezo china chochokera kwa ife omvera, ndicho njala ya phwete. Pa masamba a mchezo chimene chimayenda msanga ndi choseketsa, choncho alakatuli ambiri achinyamata akuthamangira nthabwala. Kuseka si tchimo, ndipo nthabwala yakuthwa imalasa kuposa ulaliki. Koma taonani amene akusekedwa kawirikawiri: mkazi wonenepa, mtsikana wa m'tauni, munthu wa chilankhulo china, wolumala, mbeta. Kumeneko si kutsina khutu, ndi kupondereza wogwa kale. Palinso liwiro. Nkhani ikabuka m'mawa, madzulo ndakatulo yatuluka kale, mizere yake yokakamizidwa kuti ithere mofanana ngakhale tanthauzo litathawa. Sabata ikatha palibe woikumbukira. A Writers Group ankabweretsa ndakatulo imodzi pamaso pa anzawo, ena n'kuikhadzula, mwini wake n'kukaikonzanso. N'chifukwa chake zaka makumi asanu zadutsa koma zikuwerengedwabe. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina afunsa kuti, m'dziko la njala, la mizere ya mafuta ndi kukwera mitengo kwa zinthu, bwanji tikutaya nthawi ndi ndakatulo? Yankho lidaoneka mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Soche, ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, n'kupha anthu oposa 1,000. Ziwerengero zinkalengezedwa tsiku ndi tsiku mpaka makutu adachita dzanzi. Anthu ankafuna chimanga ndi mabulangete, inde, koma ankafunanso mawu oti alire nawo, ndipo ambiri adakumbukira dzina la Napolo. Mtundu wa anthu umafunika wina woulirira pamaliro, wina woukumbutsa zimene udalonjeza, wina wofunsa chifukwa chake anthu adamanga m'mphepete mwa phiri ndiponso amene adawagulitsa malowo. Lipoti la boma silingagwire ntchito imeneyo, chifukwa limalembedwa kuti lisungidwe mu kabati.

Kusukulu nako kukufunika kuunikanso. Ana athu amakumana ndi ndakatulo ngati funso la mayeso a MSCE: tchulani zipangizo zitatu zimene mlakatuli wagwiritsa ntchito, perekani phunziro la m'ndime yachiwiri. Amaloweza mayankho, amakhoza, n'kudana nayo moyo wawo wonse. Chonsecho mwana yemweyo akatuluka m'kalasi amatha kunena pamtima ndakatulo yathunthu imene adaimva pafoni ya mchimwene wake. Aphunzitsi, ndakatulo idapangidwira khutu. Iwerengedwe mokweza, ana aimirire ailakatule, alembe zawo za m'mudzi mwawo, za msika wawo, za mtsinje umene udaphwa. Muwauzenso mbiri ya Mikuyu, adziwe kuti ufulu umene akulankhula nawo lero ena adaugonera pa simenti.

Tsono mawu anga apite kwa eni ake mmodzimmodzi. Inu a mawailesi ndi makanema, ife tomwe tili m'gulu lomweli, ndakatulo zimatidzazira mapologalamu ndi kutikokera otsatsa malonda. Tizilemba bwinobwino zimene taulutsa ndi kulipira ku COSOMA mu nthawi yake. Tipatsenso mpata alakatuli a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Kyangonde, komanso amayi ndi atsikana. Inu okonza misonkhano, mukaitana mlakatuli mugwirizane naye mtengo poyera monga muchitira ndi mwini matenti ndi wa zokuzira mawu, ndipo mukamupatsa mutu musamupatsenso malire. Inu akuluakulu okhala kutsogolo, mlakatuli akakulasani pamaso pa anthu musatume anyamata kukamuopseza. Wakuuzani zimene alangizi anu akukubisirani.

Inu alakatuli, ganyu gwirani, palibe amene angakuletseni kudyetsa ana anu. Koma pa ndakatulo khumi zimene mulembe chaka chino, zingapo zikhale zoti palibe wakutumani ndipo palibe adzakulipireni, zonena chimene chikukusowetsani tulo. Muziwerenga amene adakutsogolerani, a Chichewa ndi a Chingerezi omwe. Muzipatsana zolemba zanu kuti anzanu azione zisanapite ku situdiyo. Lembetsani ntchito zanu, ndipo zimene mwajambula muzisungenso pa pepala, chifukwa foni imatayika ndipo memori kadi imafa. Musanaseke munthu m'ndakatulo, yambani mwadzifunsa ngati ali pamwamba panu kapena pansi panu.

Pomaliza ndi inu omvera. Mlakatuli amalankhulira amene amamudyetsa. Ngati tikufuna kuti azilankhulira ife, tiyenera kumudyetsa ndife. Mukamva kuti kuli chitsinda cha ndakatulo m'dera lanu, pitani ndipo mulipire pakhomo. Mukaona buku la ndakatulo la Mmalawi, gulani, mwana wanu alipeze m'nyumba. Ndakatulo ikakugwirani mtima pafoni, funani njira yoti kangachepe kanu kafike kwa mwini wake, poti masiku ano ndalama imayenda pafoni pomwepo. Pa 21 March chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku la ndakatulo, monga lidakhazikitsira bungwe la UNESCO mu 1999. Lisamangodutsa ngati tsiku wamba pasukulu panu, kumpingo kwanu ndi m'mudzi mwanu.